Asidi wa Ndowa pa Wayilesi ya Alamu

Masiku amene maso anga anali akuthwa, ndowa iliyonse yodontha kuyambira ku Kande mpaka ku Chintheche inkathera pa chisakasa changa. Sikudzitama ayi, kafunseni aliyense wa nthawi imeneyo, ngati alipo wotsala. Maketulo, makoloboyi, zitini za palafini zimene amayi ankatungira madzi, zonse zinkabwera zikudontha n'kubwerera zili bwinobwino. Zida zanga zinali zowerengeka: mbaula ya makala, chitsulo chowotcherera cha mutu wamkuwa, tupa, sizasi ya malata, ndodo za mtovu ndi kabotolo ka asidi. Kabotolo kameneko ndinkakadalira kuposa zonse. Ukangopaka asidi ndi nthenga ya nkhuku pa lata, kaya lada bwanji, mtovu unkayenda wokha n'kukamata. Ndinkati palibe munthu wondiphunzitsa za mtovu, ndipo ndinkanena zimenezi mokweza kuti ndi oyandikana nawo omwe amve.

Chaka chimene ndikunenachi, nkhondo yaikulu yachiwiri itatha kale, kunabwera alamu anga, amuna a achemwali anga aakulu. Anali atachoka zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri kupita ku migodi ya ku Kitwe. Zaka zonsezo achemwali analima chinangwa okha, kuviika okha, kusinja okha, mpaka kudwazika apongozi awo ndi kuwaika m'manda, mwini mayi ali phee kuchilendo. Tinkamva kwa obwerako kuti kumeneko anakwatira mkazi wina ndipo ali ndi mwana wamkazi. Tsono chifuwa chitawagwira, mphamvu zitatha, ndi pamene anakumbukira njira ya kwawo. Ine ndinapsa mtima kwambiri. Ndinauza achemwali kuti mgodi wadya mnofu, ife atibweretsera mafupa. Iwo anangopita kukawatenthetsera madzi osamba.

Anthu obwera kutchona ankabwera ndi mabulangete, njinga, ena galamafoni. Alamu anga anabwera ndi bokosi limodzi lachitsulo, ndipo ana atasuzumiramo anakhumudwa. Munali mawaya, tizitsulo tosadziwika ntchito yake, zomvera za m'makutu, batire lalikulu lolemera ngati njerwa ziwiri, ndi timababu tiwiri tokulunga m'masokosi, timene iwo ankati mavalavu. Nkhani yake inali yakuti chifuwa chitawatulutsa pansi pa mgodi, anagwira ntchito zaka zingapo pa shopu yokonza mawayilesi, kuyamba ndi kusesa, kumaliza ali pa benchi. Ine ndinati aaa, ndiye chuma chake chimenechi?

Tsiku lina m'mawa, mwezi wa Novembala utangoyamba, ndinawaona akubwera ku chisakasa. Kuchoka kwa achemwali kufika kwanga ndi nyumba zinayi zokha, koma anapuma kawiri panjira. Anakhala pa chitsa, n'kudikira mpaka chifuwa chitawaleka.

"Alamu," anatero, "ndabwera kudzabwereka manja anu."

"Anuwo mwawasiya ku Kitwe?" ndinafunsa, maso ali pa ndowa imene ndinkakhoma.

Sanakwiye. Anangotambasula manja awo patsogolo panga, ndipo ndinaona kuti akunjenjemera osaleka. Kenaka anatulutsa kalata m'thumba la jekete. Inali yochokera kwa mwana wawo uja, mtsikana wa zaka khumi ndi zinayi. Analemba kuti kwaya ya pasukulu pawo yasankhidwa kukaimba pa wayilesi ku Lusaka, pa Sabata lotsogolera Khirisimasi, folo koloko masana, ndipo iye ali m'gulumo. Pamapeto anawonjezera kuti, adadi, mukamvere.

Wayilesi yapafupi inali ku Chintheche, m'nyumba za anthu amene ife sitikanagogoda pa zitseko zawo, ndipo munthu wopuma kawiri pa nyumba zinayi sakanafikako. Alamu anati zida zonse zopangira wayilesi zili m'bokosi muja, mutu ali nawo, chosowa ndi manja. Ananenanso mosabisa kuti mwanayo sadzamuonanso ndi maso, akudziwa okha mmene chifuwa chawo chilili. Ndinafuna kukana. Mwana wa mkazi amene analanda malo a achemwali anga, ine ndimuvutikire chifukwa chiyani? Koma nditaona pepala la pulani limene anatambasula, mizere yopotapota ija, mtima wa umisiri unandigwira. Ndinafuna kuwaonetsa kuti zimene amachita ku tauni ndi magetsi, ine ndichita ndi makala.

Tinayamba Lolemba. Ntchito yoyamba inandinyoza: anati chitsulo changa n'chachikulu, n'choyenera ndowa. Tinatenga kachidutswa ka mkuwa konenepa ngati chala chaching'ono, ndinakasongola ndi tupa, n'kukamangirira ku waya wolimba wokhala ndi chigwiriro cha mtengo. Thabwa linali la mbawa, louma bwino. Anamata pepala la pulani pamwamba pake, ndipo paliponse pamene mizere inkakumana ndinakhomapo kamsomali kachikasu. Misomali imeneyo ndiyo inali mfundo zake, mawaya onse ankadzakumana pamenepo kuti awotchereredwe.

Nditafikira kabotolo kanga ka asidi, anandigwira mkono.

"Ameneyo ayi, alamu. Asayandikire n'komwe thabwa ili."

"Bwanji? Zaka makumi awiri ndikuwotcherera ndi ameneyu."

"Ndowa mumaitsuka mukamaliza, ndipo lata ndi lokhuthala. Waya uyu muoneni, ndi tsitsi. Asidi amatsalira pansi pa mtovu n'kumadya pang'onopang'ono. Pa wayilesi timagwiritsa utomoni."

Anatulutsa kanthuli kachikasu, kowala ngati switi. Atakakhudza ndi chitsulo chotentha, kanatulutsa utsi wonunkhira bwino, fungo limene mpaka lero ndikalimva mtima umabwerera pa chisakasa chija. Koma utomoni ndi waulesi, sugwira ntchito pa chinthu chakuda. Waya aliyense unkayenera kumupala ndi mpeni mpaka awale, msomali uliwonse kuupala, ndiye kenaka mtovu uvomere. Mfundo imodzi imene ndikanaimaliza ndi asidi ndisanameze malovu, inkanditengera nthawi yophikira tiyi.

Ndivomere, munthu uja ankadziwa ntchito. Ankakhala pa mphasa atatsamira mzati, maso ali pa zala zanga, n'kumalankhula motsitsa. Nsonga ya chitsulo uyambe waipaka mtovu iwale, chitsulo chakuda sichipereka moto. Waya umukulunge kaye pa msomali agwire yekha, mtovu si chingwe chomangira. Utenthetse msomali ndi waya pamodzi, mtovu uukhudzitse pa izo, osati kuusungunula pa chitsulo n'kuudonthezapo ngati phala. Ukachotsa chitsulo usagwedeze, usauzirepo, uwerenge mpaka zisanu. Mfundo yabwino imawala ndipo imakhala yosalala, yoipa imatuwa n'kuchita tizibuluma. Tizida tosachedwa kupsa ankandiuza kuti ndizigwira mwendo wake ndi pulayala pakati pa mfundo ndi thupi lake, kuti moto uthere mu pulayalamo. Mavalavu anakhalabe m'masokosi mpaka mapeto, chifukwa anati chinthu chimene ulibe china chosinthira umachiika pomaliza.

Ndikalakwitsa ankaseka. "Apo mwamata ndowa, alamu. Chotsani." Ine ndinkawayankha kuti akanakhala odziwa kumata zinthu, akanayamba ndi banja lawo. Ankaseka mpaka kutsokomola, n'kundithokoza m'Chitonga chathu kuti yewu, mwandilasa. Sindinkafuna kuwakonda, koma masana aja ankatha mofulumira. Asodzi obwera kunyanja ankaima ndi nkhafi zawo pamapewa kudzaonerera, ena n'kumati anthu awiriwa apenga, akufuna kukola mawu ndi misomali. Achemwali ankabweretsa chinangwa chowotcha, kuika pansi, n'kubwerera osayang'ana thabwa lija ngakhale kamodzi.

Sabata yachiwiri mvula yoyamba inagwa, ndipo chinyezi chinawagwetsa alamu. Anagona masiku anayi osadzuka. Ananditumizira uthenga kuti ndipitirize ndekha, pulani ndikuidziwa, mfundo zotsala ndi khumi ndi ziwiri. Panthawi yomweyo ndowa zinali zitaunjikana, amayi eni ndowazo akundikalipira kuti ndasiya ntchito ya anthu chifukwa cha zoseweretsa. Misomali yotsalayo inali itada ndi chinyezi, ndipo mwa mfundo zimenezo munali za koyilo, waya wopyapyala uja wokulunga pa kansungwi, wovuta kupala chifukwa ukalimbitsa mpeni amaduka. Ndinapala iwiri, wachitatu mtovu unakana katatu. Ndinayang'ana kabotolo kanga pa alumali. Ndinadziuza kuti za utomonizi ndi matama a ku tauni, kadontho kamodzi sikangaphe wayilesi. Ndipo pansi pa mtima panalinso mawu ena, akuti ndi mwana wa ndani kodi amene ndikumuthera maso?

Ndinaviika nthenga. Mfundo khumi zinatha dzuwa lisanapendeke, zowala kuposa zoyamba zija. Ndinazipukuta ndi kansalu, kenaka ndinachita chinthu chimene chimandichititsa manyazi kuposa asidiyo: ndinasungunula utomoni pang'ono pamwamba pa mfundo iliyonse kuti zizinunkhira ngati zinzake. Munthu wolakwa mosadziwa sachita zimenezo.

Alamu atapezako bwino anayendera thabwa lonse ndi galasi lokuzira zinthu, n'kugwedeza mutu mokondwa. Anati ndikanakhala ku Kitwe, mwini shopu akanachotsa anthu awiri n'kulemba ine ndekha. Ine ndinangomwetulira. Tinakoka waya wautali wokolera mawu kuchoka pa mtengo wa mango wa achemwali kufika pa nsungwi imene tinazika pafupi ndi khonde, wina tinamumangirira ku chitsulo chokhomera m'dothi lonyowa kuseri kwa bafa. Asanaike mavalavu anayang'ana mawaya a batire katatu, akuti ukasemphanitsa amapsa nthawi yomweyo. Kenaka anavala zomvera zija n'kuyamba kupotokola kachitsulo kosakira mawu, pang'onopang'ono, ine nditawagwira dzanja kuti lisanjenjemere.

Nkhope yawo inasintha. Anavula n'kundiveka ine. Poyamba ndinamva phokoso ngati la usipa m'mafuta, kenaka mluzu, kenaka munthu! Munthu akulankhula Chinyanja cha kumeneko, akulangiza anthu za kasungidwe ka chimanga, ali ku Lusaka, ine ndili pa khonde ku Kande ndi matope kumapazi. Ndinakuwa kuti mayo ine, n'kutembenuka kuyang'ana kumbuyo ngati munthuyo waima pamenepo. Alamu anaseka mpaka misozi. Tsiku limenelo ndinaiwala za nthenga ija, ndipo ndinadziuza kuti mwaona, asidi alibe mlandu.

Sitinamvere nthawi yaitali. Batire linali limodzi lokha, lobwera nalo kuchokera ku Kitwe, ndipo anati mphamvu yake sadziwa kuti yatsala yochuluka bwanji. Anamasula mawaya, kukulunga wayilesi m'nsalu, kuitsekera m'bokosi lachitsulo lija n'kulikankhira pansi pa bedi. Inakhala mmenemo masabata asanu, mvula ikugwa pafupifupi tsiku lililonse, makoma a nyumba akutuluka thukuta. Kawiri konse ndinafuna kunena kuti tiitulutse tiione. Kawiri konse ndinameza mawu, poopa funso lakuti tiione chiyani.

Sabata lija linafika kukuwala bwino. Kwathu kuno tsiku la Sabata silinali la masewera. Bwato silinkalowa m'madzi, mtondo sunkalira, ngakhale kusoka batani ankati dikira mawa. Achemwali anali mayi wa mumpingo wa bulauzi yoyera, wodzudzula ena akaona utsi wa ntchito pa tsikuli, ndipo ine chisakasa changa ndinkachitseka Loweruka dzuwa likadalipo. Titatuluka m'tchalitchi tinadya, ndipo wotchi ya m'thumba ya alamu itakwana fili koloko anati tsopano tiyeni. Anali atameta ndevu, atavala jekete ndi taye, ngati mwanayo awaona. Ndinawanyamulira mpando pakhonde, ndinalumikiza mawaya, iwo n'kuvala zomvera.

Anapotokola kachitsulo kaja mbali iyi, mbali iyo. Anagogoda zomvera ndi chala. Mavalavu anali akuyaka kamoto kawo kofiira, koma m'makutu munali zii.

"Tembenuzirani thabwa kudzuwa," anatero.

Sipanafunike galasi. Mfundo zoyamba zija, zimene tinapanga limodzi, zinali zowala monga tsiku loyamba. Khumi zanga zinali zitamera zobiriwira, ngati ndere za pamwala wa kunyanja, ndipo zobiriwirazo zinali zitayenderera pa thabwa kuchoka pa msomali wina kufika pa unzake. Alamu anakhudza waya wa koyilo ndi chikhadabo, ndipo anangogwa, atadyeka pakhosi penipeni. Anakanda pang'ono, kununkhiza chala, n'kundiyang'ana.

"Ndinathira asidi," ndinatero. "Masiku aja munagona. Ndinaphimba ndi utomoni kuti musadziwe."

Ndinayembekeza kuti anditukwana, ndipo ndikanakonda akanatero. Iwo anangoyang'ana wotchi. Inali itadutsa fili koloko ndi mphindi makumi awiri.

"Makala muli nawo?" anafunsa.

"Alamu, lero ndi Sabata."

Anangotsamira pa mpando n'kutseka maso, taye ili pakhosi. Ine ndinaima kakasi, kusowa chochita. Ndi pamene achemwali, amene ankamva zonse ali pakhomo, bulauzi yoyera ikadali m'thupi, anandikalipira ngati ndikadali mwana wawo wobereka kumsana.

"Iwe, waima chiyani? Wawononga wekha, ukufuna Sabata likubisire? Thamanga ukatenge zitsulo zako!"

Ndinathamanga. Pobwera ndinapeza atapala kale moto wa kukhitchini n'kuuthira m'mbaula, akukupiza ndi chivindikiro cha poto, phulusa likugwera pa bulauzi ija. Anthu obwera ku mapemphero a masana ankadutsa pamsewu, kuima, kuyang'ana utsi, kunong'onezana. Mayi wina anaitana kuti kodi kwagwanji, achemwali osatukula n'komwe mutu.

Alamu anatsegula maso n'kuyamba kulamula, mawu ali pansipansi. Zonse khumi sitingathe, anatero, tiyambe ndi zinayi za koyilo. Ndimasule waya kuzungulira kamodzi kuti tipeze mbali imene asidi sanafike. Misomali yobiriwirayo ndiizule, ndikhome ina pambali. Thabwa ndilipale ndi mpeni mpaka mtengo woyera uoneke, chifukwa zobiriwirazo zikuba mphamvu. Mavalavu ndiachotse kaye. Waya woyamba ndinamudula popala, ndinamasulanso kuzungulira kwina. Achemwali pofuna kuthandiza anakupiza kwambiri, chitsulo chinafiira, mtovu wa pansonga unapsa n'kuda. Ndinachita kuchipalanso ndi tupa, kudikira chizizireko, kuchipakanso mtovu. Thukuta linali kamukamu, likudonthera pa thabwa.

"Folo koloko yakwana," anatero alamu, n'kutembenuza wotchi chafufumimba pa bondo lawo.

Mfundo zinayi zitatha tinaika mavalavu n'kuyesa. Zii. Zinatsala zisanu ndi imodzi, ndipo sitinkadziwa kuti yolakwa ndi iti. Anati ndizigogoda uliwonse ndi kamtengo iwo akumvera. Pa msomali wachinayi anakweza dzanja, amva kuthetheka. Tinachotsanso mavalavu, ndinazula, ndinakhoma, ndinapala. Pofulumira ndinachotsa chitsulo n'kusiya waya mtovu usanaume, mfundo inatuwa pamaso panga. Ndinati ingokhala choncho, nthawi yatha.

"Ayi," anatero alamu. "Bwerezani. Muwerenge mpaka zisanu."

Ndinabwereza. Achemwali ndi amene anawerenga, mokweza, m'Chitonga, chivindikiro chili m'manja. Sindinamvepo kuwerenga kochedwa chotero. Ndinabwezera mavalavu, ndinalumikiza batire nditayang'ana mawaya kamodzi kokha, ndinawaveka zomvera, n'kugwira dzanja lawo pa kachitsulo kosakira. Popeza koyilo inali itafupika, Lusaka sanalinso pamalo pake pakale, tinachita kumusaka. Mluzu, phokoso, mluzu. Kenaka zala zawo zinauma m'dzanja langa.

Ndinali pafupi kwambiri moti ndinamva nanenso, kamawu kakang'ono kotuluka m'mphepete mwa zomvera. Ana ambiri akuimba pamodzi. Anaimba mzere umodzi, mwina umodzi ndi theka, kenaka anakoka Ameni wautali wotsekera nyimbo, n'kuleka. Panabwera mawu a mwamuna akuthokoza ana a sukulu ndi aphunzitsi awo, akuti imeneyo inali nyimbo yawo yomaliza.

Alamu anakhalabe chomwecho, akumvera munthu uja akulengeza zina. Patapita nthawi anavula zomvera n'kuziika pamiyendo. Ine ndinali nditakhala pansi pafupi ndi mbaula, chitsulo chikadali m'manja, ndikulakalaka nthaka itang'ambika ndilowemo. Ndinalira, sindibisa, bambo wa ana anayi kulira pakhonde la eni masanasana.

"Mwamumva?" anafunsa achemwali. Kanali koyamba kuwamva akutchula za mwanayo.

"Anali ambiri," anayankha alamu. "Sindingadziwe kuti wanga ndi uti. Koma pa Ameni palibe mwana amene amatseka pakamwa."

Achemwali anaika chivindikiro pansi, kusasa phulusa pa bulauzi, n'kulowa m'nyumba. Tinamva akusuntha mapoto opanda chophika.

M'mawa mwake ndinapita ndi zida zanga ndisanaitanidwe. Ndinazula misomali isanu yotsala, kupala thabwa lonse, kuwotcherera ndi utomoni imodzi imodzi, iwo akuyang'ana. Za asidi sanatchule, tsikulo kapena tsiku lina lililonse mpaka pamene tinawaika m'manda mvula ya chaka chomwecho isanathe. Nditamaliza anati pali ntchito inanso ya manja. Achemwali anabweretsa pepala, inki ndi cholembera, n'kuima pakhomo. Alamu sankathanso kulemba mzere wowongoka, ndiye anati iwo azinena, ine ndizilemba.

Anayamba ndi moni, za mvula, za mango amene anali atapsa. Ananena kuti chifuwa chikupezako bwino. Kenaka anati, lembani kuti nyimbo zanu zonse ndazimva bwino lomwe, kuyambira yoyamba mpaka yomaliza, pa wayilesi imene andipangira amalume ako, mmisiri wamkulu wa kuno.

Ndinaimitsa cholembera.

"Alamu, zimenezi si zoona."

"Mwana anati ndikamvere," anatero. "Mukufuna ndimuuze chiyani?"

Ndinayang'ana kwa achemwali, mayi amene sankalola bodza ngakhale la mwana wakuba shuga, kuti mwina andithandiza. Iwo anandiyang'ana osaphethira.

"Lemba," anatero. "Uwonjezerenso kuti amayi ake a kuno akupereka moni."

Ndinaviika cholembera mu inki n'kulemba zonse monga ananenera, mawu ndi mawu, ndipo Lachiwiri ndinayenda ndekha wapansi kukaiponya ku Chintheche.